Kalata kwa a Pulezidenti Daniel Chapo: penti yekha samanga Mocímboa da Praia

Olemekezeka a Pulezidenti,
inu a Bwanamkubwa a chigawo cha Cabo Delgado, a Valige Tauabo,
ndi inu akuluakulu a ADIN, bungwe la boma loona za chitukuko cha kumpoto,

Ndikulemba ndili ku Angónia, m'chigawo cha Tete, kumapiri kuno kolima mbatata ya kachewere, kutali ndi nyanja ya mchere. Mwina mufunsa kuti munthu wa kuno akudziwa chiyani za Mocímboa da Praia, mzinda wa pagombe ku Cabo Delgado womwe nkhondo ya zigawenga inausakaza. Nkhondo ndidaithawapo, ndipo kumabwinja ndidabwererako ndi mapazi angawa. Komanso ndine malume wa mwana wamkazi amene boma linamutumiza kukaphunzitsa kumeneko, nakwatiwa ndi msodzi wa komweko, nathawa pabwato mu 2020, ndipo lero wabwerera ndi ana awiri. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako akakhala pamavuto, woyamba kuimirira ndi iwe malume. Ndaimirira.

Ndidali ndi zaka 12 mu 1986 pomwe nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idatipeza. Tidadutsa malire usiku n'kulowa m'boma la Ntcheu ku Malawi, mayi atasenza mphika ndi mphasa, ine nditabereka mng'ono wanga. Sitidapite kumsasa. Banja lina losauka ngati ife lidatipatsa khitchini yawo kuti tizigonamo, likuganiza kuti ndi za milungu ingapo. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife mame athu adatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Malawi adasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nthawi imeneyo, ndipo ndidaona ndi maso anga mitengo ya m'phiri ikutha chifukwa cha nkhuni zathu, chitsime cha mudzi chikuphwa dzuwa lisanafike pamutu, eni mudzi akupanikizana nafe pamzere wa kuchipatala. Ufa ndi nyemba zikabwera zinkabwerera ife othawa, eni khitchini aja akungoyang'ana. Mayi ankawapatulirako mobisa, madzulo, ngati akuba.

Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo chaka chotsatira tidabwerera. Nyumba idali itagwa, zimenezo tinkayembekezera. Chomwe sitidayembekezere n'chakuti m'munda wa mayi, womwe adasiyiridwa ndi agogo aakazi, mudali chimanga cha munthu wina. Munthuyo sadali wakuba. Nayenso nkhondo idamuthamangitsa kwawo, adapeza munda wogonera, nalima. Panalibe pepala lililonse. Amfumu adatiitana tonse pansi pa mtengo wa kachere, adaitana madoda ndi amayi akuluakulu omwe ankakumbukira malire, kuyambira pachulu mpaka pamwala wosweka, ndipo mlandu udatenga masiku atatu. Chigamulo chidali chakuti mlendoyo akolole chimanga chake, kenako munda ubwerere kwa mayi, iye apatsidwe malo kudambo. Mayi adalira tsiku limenelo, ndipo ndi tsiku limenelo lomwe ine ndimawerenga kuti tidafika kwathu. Makasu ndi mbewu zomwe tidalandira zidathandiza, sukulu idamangidwa pambuyo pake, koma mlandu uja ukadapanda kutha bwino, nkhondo ina yaing'ono ikadayamba pamudzi pathu ndi zikwanje.

Ndafotokoza izi motalika chifukwa ndizo ndikuona zikusowa pa ntchito yomanganso kumpoto.

Mbiri ya mzinda uja mukuidziwa kuposa ine. Mfuti zoyamba za nkhondo iyi zinalira mu Mocímboa da Praia momwemo pa 5 Okutobala 2017, pomwe anyamata omwe anthu amawatcha mashababu anaukira apolisi. Mu Ogasiti 2020 analanda doko ndi mzinda wonse, naukhala chaka chathunthu, mpaka asilikali a ku Rwanda ndi athu anaulanda pa 8 Ogasiti 2021. Pakati pamenepo Palma inaukiridwa pa 24 Malichi 2021, ndipo kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni ku Afungi, pafupi ndi Palma. Pofika kumapeto kwa 2022, anthu othawa m'makomo mwawo anali pafupifupi miliyoni imodzi. Mu Seputembala 2021 boma linavomereza ndondomeko yomanganso Cabo Delgado, ya zaka zitatu, ya madola pafupifupi 300 miliyoni.

Sindikana zomwe zachitika. Magetsi anabwerera, doko linatsegulidwa, maofesi ena a boma anafoleredwa ndi kupakidwa penti, msika ukuchita phokoso, ana ena ali m'kalasi. Amene anagwira ntchito imeneyi, ena a iwo akugona m'matenti, ndikuwavulira chipewa. Koma mwana wa mlongo wanga akandiimbira foni sanena za penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo ndi zomwe ndikufuna kukuonetsani.

Ndiyambe ndi anthu omwe palibe amawatchula, eni makhitchini a masiku ano. Mu 2022 ndinayenda ulendo wa masiku atatu kukamuona mwanayu ku Pemba, likulu la Cabo Delgado. Anafikira pagombe la Paquitequete, monga anafikira anthu zikwizikwi, atakhala masiku angapo panyanja popanda madzi akumwa okwanira. Ndinamupeza pabwalo la mayi wina wamasiye wogulitsa mandasi, wachibale wa mwamuna wake. Nyumba ya zipinda ziwiri, anthu ogona pamenepo ndinawerenga 31. Amuna ankagona panja pansi pa mtengo wa mango, amayi ndi ana m'nyumba mopingasana ngati nkhuni. Chimbudzi chimodzi chinali chitadzaza, akumba china pafupi ndi pophikira chifukwa malo anatha. Mayi uja anagulitsa bedi lake ndi wailesi kuti agule mpunga. Pamndandanda wa olandira chithandizo dzina lake panalibe, poti iye sanathawe nkhondo. Nditamuyang'ana ndinaona banja lija la ku Ntcheu, ndipo manyazi omwe ndinali nawo ndili mwana anandibwerera. Othawa ambiri a nkhondo iyi sanakhale m'misasa ya ku Metuge kapena Montepuez, anakhala m'makomo mwa anthu ngati mayi ameneyu. Alendo akachoka, iye atsala ndi chimbudzi chodzaza, mpamba wotha, ndi denga lomwe namondwe wa Chido anasasula mu Disembala 2024. A Pulezidenti, ndondomeko yomanganso iyenera kukhala ndi tsamba la anthu amenewa: mijigo m'madera omwe analandira anthu, zipinda zowonjezera pasukulu zawo, kampamba koti ayambirenso geni. Mukawaiwala, nkhondo ikadzathamangitsanso anthu, zitseko zidzatsekedwa, ndipo simudzawaimba mlandu.

Tsopano za obwerera. Munthu wothawa moto sayamba wafufuza chitupa. Zitupa zambiri zinapsa m'nyumba, zina zinagwera m'nyanja, zina anthu anazitaya dala chifukwa chitupa cha wogwira ntchito m'boma chikapezeka m'thumba pamaso pa zigawenga chinali imfa. Maofesi osunga kaundula nawonso anatenthedwa. Lero mnyamata wa Chimwani, mtundu wa anthu a m'mbali mwa nyanja omwe ambiri ndi Asilamu, wopanda chitupa, wovala kofia, akafika pomwe pali chingwe pamsewu, amayamba kunjenjemera asanafunsidwe kanthu. Mkamwini wathu uja zinamuchitikira: anamutsitsa pagalimoto, anamukhazika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo anachoka atasiya ndalama yomwe ankati akagulire ukonde. Anandiuza mawu omwe sandichoka m'mutu, akuti kutchire ankamuyesa kazitape wa boma, kumsewu akumuyesa shababu, nanga iye ndi wa yani? Ndikudziwa kuti magulu oyendayenda olembetsa zitupa alipo ndipo athandiza ambiri. Achulukitseni, afike mpaka kuzilumba ndi kumidzi ya m'mbali mwa msewu wa N380, chitupa choyamba ndi cholowa m'malo mwa chotayika zikhale zaulere kwa aliyense wa m'maboma okhudzidwa, ndipo umboni wa amfumu, wa shehe kapena wa mphunzitsi ukwanire. Popanda chitupa mwana salemba mayeso, mayi salandira ndalama pafoni, mnyamata salembedwa ntchito ngakhale yosesa pakampani ya gasi. Ndipo mnyamata amene dziko lake lamukana kumudziwa, alipo ena kutchire omwe akumuitana ndi dzina lake.

Nkhani ya malo ndiyo imandisowetsa tulo, chifukwa ndinaidutsamo. Anthu omwe anasamutsidwira kum'mwera kwa chigawo anapatsidwa timinda ndi eni malo, ndipo kwina eni malowo akufuna minda yawo. Omwe abwerera kumpoto ena akupeza pamalo pawo pali munthu wina, ena akupeza malire asuntha, ena akumva kuti malo a m'mbali mwa nyanja ayamba kukoma m'maso mwa anthu a ndalama popeza gasi akubwerera. Lamulo lathu la malo la 1997 ndi labwino pamenepa. Limati malo ndi a boma, koma limazindikira ufulu wa munthu amene akukhalapo mwa mwambo, kapena amene wagwiritsa ntchito malowo mwachilungamo kwa zaka khumi, ndipo limalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo ngakhale palibe pepala la DUAT, chiphaso cha boma chololeza munthu kugwiritsa ntchito malo. Lamulolo lilipo, koma mayi wamasiye wa ku Milamba kapena Nanduadua, madera a mu Mocímboa, salidziwa, pomwe wofuna malo ake ali ndi loya. Ndikupempha kuti musapereke DUAT yatsopano kwa munthu wakunja kwa dera pamalo alionse omwe eni ake anathawa, kufikira eniwo atabwerera kapena atafunsidwa komwe ali. Ndipo mabwalo ang'onoang'ono a mafumu, mashehe, akulu a mpingo ndi amayi achikulire apatsidwe mphamvu ndi kandalama koyendera kuti aweruze milandu ya malire msanga, pamaso pa anthu, zigamulo zilembedwe. Madoda okumbukira kuti mtengo wa kokonati uwu anabzala ndani akutha. Ena anafera m'njira, ena m'misasa. Chaka chilichonse chomwe mukuchedwa, kaundula wamoyo ameneyu akuikidwa m'manda.

Kwa Amwani munda waukulu ndi nyanja. Mabwato ambiri anatenthedwa, ena analandidwa, ena anaolera pagombe. Msodzi wopanda bwato amasanduka wopemphetsa, ndipo amene ali nalo amapalasa ndi mantha a mbali ziwiri: akakumana ndi zigawenga zimulanda nsomba ndi mafuta, akabwera kumtunda afunsidwa kuti nsombazo wadyetsa yani. Mabwato ogawidwa pamwambo wojambulidwa ndi makamera ndi ochepa, ndipo amene amawalandira nthawi zambiri ndi amene dzina lawo linali kale pafupi ndi cholembera. Amisiri osema mabwato alipo mumzinda momwemo. Apatseni matabwa, misomali ndi ngongole yofewa, asodzi agwirizane okha m'magulu, ndipo akuluakulu a asilikali akhale pansi ndi asodziwo n'kugwirizana poyera za malo ndi nthawi yopha nsomba, kuti munthu asamafe chifukwa chosadziwa mzere womwe sanauzidwe.

A Pulezidenti, inu Palma simuimvera pawailesi. Munakhalapo mkulu wa boma la Palma musanapite kukakhala bwanamkubwa ku Inhambane mu 2016. Mukudziwa mmene anthu a m'mbali mwa nyanja ankaonera magalimoto akuluakulu akudutsa, ntchito zikupita kwa obwera kuchokera ku Maputo ndi kunja, iwo akuuzidwa kuti alibe maphunziro. Mkwiyo umenewo sunayambitse nkhondo pawokha, koma unali udzu wouma pomwe moto unagwera. Lero anthu akuona kuti chitetezo n'cholimba kwambiri kuzungulira Afungi, Palma ndi Mocímboa, pomwe Macomia inalowedwa mu Meyi 2024, ndipo ku Chiúre anthu ankhaninkhani anathawa mu Febuluwale chaka chomwecho. Asilikali a SADC, omwe munalinso a ku Malawi ndi Zambia, anachoka mu Julayi 2024. Mu Seputembala 2025 zigawenga zinalowanso m'mphepete mwa Mocímboa momwemo n'kupha anthu m'makomo mwawo. Anthu akuwerenga zizindikiro zimenezi, ndipo zomwe akuwerengazo n'zakuti moyo wawo ukutetezedwa molingana ndi kuyandikira kwawo ku mapaipi. Ngati si zoona, zitsutseni ndi ntchito, ku Quissanga, ku Muidumbe, ku Nangade, komwe kulibe gasi. Ndipo musauze munthu kuti abwerere chifukwa chakuti chiwerengero cha obwerera chikukometsa lipoti. Ambiri abwerera chifukwa chakudya chinachepa m'misasa, njala inawakankha, mtendere sunawaitane. Munthu auzidwe zoona za chitetezo cha kwawo, asankhe yekha, ndipo wosankha kutsala ku Pemba kapena ku Montepuez asachotsedwe pamndandanda ngati chilango.

Za ndalama ndinena mwachidule. Dziko lino linakongola mobisa madola pafupifupi 2 biliyoni mu 2013 ndi 2014, ati ogulira zombo zophera nsomba ndi zotetezera gombe lomweli, ndipo nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, a Manuel Chang, inapezeka yolakwa kukhoti ku America mu 2024. Gombelo silinatetezedwe. Anthu akamakayika akamva za mamiliyoni atsopano, musawadabwe. Nthawi ya ndondomeko ya 2021 ija inatha. Matani pakhoma la boma lililonse, m'Chipwitikizi, m'Chimwani, m'Chimakonde ndi m'Chimakua, ndalama zomwe zinabwera, zomwe zinamangidwa, kontilakita wake ndi mtengo wake. Wailesi za m'madera ziwerenge mndandandawo. Atolankhani aloledwe kuyenda ndi kufunsa popanda kuopa kuti asowa.

Chatsala n'cholemera kuposa zonse, ndipo simenti sichigwira. Bungwe la Human Rights Watch linanena mu Disembala 2021 kuti amayi ndi atsikana oposa 600 anabedwa ndi zigawenga kuyambira 2018. Ena abwerako ali ndi ana a amuna omwe anawagwirira. Anyamata ena anatengedwa ali ana n'kuphunzitsidwa kupha. M'kalasi mwa mwana wa mlongo wanga muli kamtsikana komwe anzake sakhala nako pabenchi limodzi, akuti mayi ake anali mkazi wa mashababu. Kamakhala kumbuyo, pafupi ndi khoma lomwe lidakali ndi mabowo a zipolopolo, ndipo chitseko chikamenyetseka ndi mphepo kamalowa pansi pa desiki. Mphunzitsi wake, yemwe naye amadzidzimuka usiku, sanaphunzitsidwepo chochita ndi mwana wotere. Nkhondo yathu ija itatha, midzi yambiri idasambitsa ana ake obwera kunkhondo ndi mankhwala, mipingo idawapempherera, ndipo adalandiridwa. Sizidachiritse zonse, koma zidatsegula khomo. Kumpoto nakonso kuli njira zawo, za kumzikiti, za kutchalitchi ndi za makolo. Zithandizeni, ndipo tumizani anamwino ndi alangizi odziwa za matenda a maganizo omwe amayankhula zinenero za kumeneko.

Koma kulandirana sikungatheke ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikufunsidwa mafunso. Mu Malichi 2021 bungwe la Amnesty International linanena kuti milandu ya pankhondo inachitidwa ndi zigawenga, ndi asilikali a boma, komanso ndi kampani ya asilikali aganyu ya Dyck Advisory Group. Alipo amayi omwe ana awo anatengedwa ndi anthu ovala yunifolomu ndipo mpaka lero sadziwa manda awo. Mayi wotere mukamumangira chipatala adzalowamo, koma boma sadzalikhulupirira kufikira wina atamuuza komwe mwana wake ali. Kuonjezera apo pali chilonda chakale pakati pa Amwani ndi Amakonde, chomwe chinatulukapo magazi mumzinda womwewu mu 2005 pambuyo pa chisankho. Mfuti zikakhala m'manja mwa gulu limodzi la Força Local, anthu a m'midzi onyamula zida pothandiza asilikali a boma, mndandanda wa chakudya m'manja mwa gulu lomwelo, ntchito za boma chimodzimodzi, ndiye kuti mukumanga nyumba pamwamba pa chiswe. Pamakomiti ogawa zinthu pakhale anthu a mitundu yonse ndi zipembedzo zonse, theka akhale amayi, ndipo pakhale njira yodandaulira yomwe sidutsa m'manja mwa munthu yemwe akudandaulidwayo. Amayi ena auzidwapo kuti dzina lilowa pamndandanda akagona ndi wolemba. Munthu wochita zimenezi malo ake ndi kundende.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anthu a ku Mocímboa akudziwa chomwe chikuwapweteka ndi chomwe chiyenera kuyamba. Inu munabadwira ku Inhaminga mu 1977, tauni yomwe nkhondo ija idaitafuna, choncho sindikuyankhula ndi munthu wosadziwa fungo la nyumba yopsa. Mukadzapitanso kumeneko, mwambo wodula riboni ukatha, tsalani tsiku limodzi. Khalani pamphasa ku Milamba, womasulira akhale munthu amene anthuwo asankha, ndipo mumve kwa asodzi, kwa amayi amasiye, kwa anyamata opanda zitupa, akuluakulu a chipani ali patali.

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga anandiimbira usiku. Wasunga ndalama pang'ono kuchokera pamalipiro ake, zokwana malata khumi ndi awiri. Nyumba yawo idakali yofolera ndi lona lomwe anabwera nalo kuchokera ku Pemba, ndipo mvula ili pafupi. Anandifunsa kuti, amalume, ndigule malata, kapena ndalamayi ndiisunge m'chitenje kuti ikhale yolipirira bwato tikamadzathawanso? Ndinamuuza kuti ndimuyankha. Sindinamuyankhebe, a Pulezidenti, chifukwa yankho lake lili ndi inu.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa ku Angónia, malume wa mphunzitsi wa ku Mocímboa da Praia